Chifuwa Chikakana Kutha: Mfundo Zofunika pa Mphumu ndi Chithokomiro

Chifuwa cha chimfine sichichedwa. Chimakugwira sabata imodzi kapena ziwiri, chikatalikitsa zitatu, kenako umaiwala kuti unadwalapo. Koma chilipo china chimene chimangokhala. Dzinja likutha uli nacho, masika akudutsa uli nacho, mpaka apabanja amayamba kukuzindikira ndi kutsokomola usanafike n'komwe pakhomo. Madokotala amati chifuwa chakhalitsa chikapitirira masabata 8 kwa munthu wamkulu, kapena masabata 4 kwa mwana.

Mfundo izi ndazilemba poganizira makamaka munthu amene chifuwa chake chikuoneka ngati mphumu, uku alinso ndi vuto la chithokomiro, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Munthu wotereyu amandimvetsa chisoni, chifukwa matenda awiriwa amabisana, ndipo mankhwala a amodzi amatha kuputa enawo. Kuti apeze thandizo pamafunika kudekha ndi kunena zoona, kwa iye mwini, kwa abale ake, ndi kwa amene akumuona kuchipatala.

1. Kuzolowera chifuwa si kulimba mtima.

Timatamanda munthu wopirira, ndipo n'zoyenera. Koma kupirira kwina n'kudzipweteka. "Ndi kachifuwa chabe aka," amatero bambo amene wakhala akutsokomola kuyambira nthawi yodzala mpaka chimanga chalowa m'nkhokwe. Kwathu kuno sitiyenera kudikira masabata 8 aja. Chifuwa chikafika masabata awiri, pitani mukapereke makhololo ayeze TB, ndipo ngati muli ndi kachilombo ka HIV musawerenge n'komwe masiku, chifuwa chilichonse n'chokanena. Makina a GeneXpert amapeza TB pa maola awiri makhololo akalowamo, ndipo m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala omwe n'zaulere. Ena chimawaletsa ndi manyazi, kuopa kuti anthu anena chiyani akawaona atanyamula kabotolo ka makhololo. Komatu amene mumagona naye chipinda chimodzi, ndi kamwana kamene mumakafungata, akupuma mpweya umene inu mwatsokomola. Mukakayezetsa mwawateteza iwowo.

Zizindikiro zina sizidikira mawa: magazi m'makhololo, kuwonda popanda chifukwa, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, mawu kusasa osabwerera, chakudya kukakamira pammero, kapena phuma loti munthu akulephera kumaliza chiganizo.

2. Akakuuzani kuti si TB, ulendo sunathe.

Apa ndi pamene ambiri timasochera. Makhololo atuluka bwino, X-ray yaonetsa mapapo oyera, munthu wabwerera kunyumba ndi makapusozi a amoxicillin. Atha, chifuwa chikadalipo, wakagula Bactrim pagolosale. Kenako mandimu ndi uchi, jinja, kufukiza masamba a bulugamu. Uchi umafewetsadi pammero, koma suuza munthu chimene chikumutsokomoletsa. Ndipo mankhwala opha mabakiteriya akamamwedwa pa chifuwa chimene si cha mabakiteriya sachiza kanthu. Amangozoloweza tizilombo, tsiku la chibayo chenicheni n'kudzasowa chogwira.

Kwa munthu wosasuta amene X-ray yake ili bwino, zoyambitsa zodziwika kwambiri ndi zitatu: mamina otsikira kummero kuchokera kuseri kwa mphuno, mphumu, ndi asidi wa m'mimba wobwerera kummero, uja amabweretsa chilungulira munthu akagona atangodya kumene. Chachinayi chimaiwalika kawirikawiri. Mankhwala ena a BP, monga enalapril, captopril ndi lisinopril, amabweretsa chifuwa chouma chokanda pammero kwa munthu pafupifupi mmodzi pa 10 aliwonse. Adokotala akawasintha, chifuwacho chimatha pakati pa sabata imodzi ndi masabata anayi, ena mpaka miyezi itatu. Musawasiye nokha mankhwalawo, BP yosasamalidwa ndi yoopsa kuposa chifuwa. Kuno tionjezepo utsi wa nkhuni ndi makala umene amayi athu apuma zaka zambirimbiri m'makhitchini opanda zenera, komanso zipsera zimene TB yakale imasiya m'mapapo ngakhale munthu anachira.

Nthawi zina zoyambitsa zimakhala ziwiri kapena zitatu mwa munthu mmodzi. Ndiye adokotala akamachotsa chimodzichimodzi n'kumakuuzani kuti mubwerenso, musati sakudziwa ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

3. Mverani thupi lanu, chifukwa mboni ya usiku ndinu nokha.

Mphumu imene timaidziwa ndi ya munthu wobanika, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira mluzu. Koma ilipo mphumu ina imene chizindikiro chake ndi kutsokomola basi, kouma, kopanda makhololo. Imakonda usiku ndi mbandakucha. Masana kuchipatala adokotala akaika chipangizo chawo pachifuwa samva kanthu, pakuti timipita ta mpweya timakhala tatsegukanso. Zimene zinachitika tambala asanalire akuzidziwa ndinu.

Mphumu yambiri, makamaka yoyamba paubwana, imabwera chifukwa thupi limadana ndi zinthu zimene kwa ena n'zosavuta: tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matilesi ndi m'mabulangete, zitosi za mphemvu, nkhungu ya pakhoma lachinyezi, mungu wa udzu ndi maluwa, ubweya wa mphaka. Munthu akazipuma, chitetezo cha m'thupi chimazitenga ngati adani, timipita ta mpweya timatupa mkati, n'kufinyika, n'kudzaza mamina. Zikatero ngakhale zinthu wamba zimayambitsa chifuwa: kuzizira kwa Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika, utsi wa lupsa, fumbi la Okutobala, koilo ya udzudzu, pefyumu wa m'minibasi, ngakhale kuseka kwambiri.

Choncho tengani kope la mwana lotsala, muzilemba. Chifuwa chayamba nthawi yanji, munali pati, munkachita chiyani. Kodi chimachepa mukapita kumudzi n'kubwerera mukafika kutauni? Chimakula tsiku lopeta, lopala chimanga, lopita kuchigayo? Mumayetsemula motsatizana, maso n'kumayabwa? Munali ndi ziwengo muli mwana, kapena alipo wa mphumu kubanja kwanu? Masabata awiri a zolemba zotere amathandiza adokotala kuposa mawu oti "ndimangotsokomola."

4. Dzina la nthenda lisaperekedwe mwachisawawa.

Kuuza munthu kuti ali ndi mphumu n'kumusenzetsa katundu wa zaka zambiri, ndiye pakhale umboni. Pali kachipangizo kouzira kamene kamayeza mphamvu ya mpweya wotuluka. Munthu amauzira m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri, ndipo manambala akamasiyana kwambiri, m'mawa otsika madzulo okwera, zimaloza ku mphumu. Pali makina ena aakulupo otchedwa spirometer: mumauzira, akupatsani salbutamol, mudikire mphindi 15, muuzirenso, aone ngati mapapo atseguka. Magazi amatha kuonetsa kuchuluka kwa maselo otchedwa eosinophil, ndipo pakhungu amatha kudonthezapo timadzi ta fumbi, mungu kapena ubweya n'kubaya pang'ono kuti aone chimene thupi likudana nacho.

Zipangizo zimenezi sizipezeka pachipatala chilichonse. Pamene palibe, adokotala amayesa ndi mankhwala: kupatsa munthu inhela yoletsa kutupa kwa masabata angapo n'kuona ngati chifuwa chikugonja. Njira imeneyi ndi yovomerezeka, koma imafuna kuti wodwala abwererenso kukanena zoona. Ngati simunasinthe, nenani kuti sindinasinthe. Ulemu wathu uja woyankha kuti "ndikupezako bwino" pofuna kusakhumudwitsa adokotala umatseka njira yofufuzira zina.

5. Chimene mukubisa ndi mpango chingakhale ndicho yankho.

Chithokomiro ndi kachiwalo kakang'ono ka kutsogolo kwa khosi, kolemera pafupifupi magalamu 20, kokumbatira njira ya mpweya. Kamatulutsa mahomoni amene amalamulira liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha, kugaya chakudya, ngakhale kaganizidwe. Kakatupa, ndi chotupa chija timachiona pakhosi. Matenda ake amagwira amayi kwambiri kuposa abambo.

Azakhali anga ena anakhala zaka akupopera inhela ya mphumu osaona kusintha kwenikweni. Chifuwa chawo chinkakula akagona chagada, moti ankagona atatsamira mapilo, ndipo akamakoka mpweya pankamveka phokoso lokhakhala pakhosi. Kulikonse ankayenda atakulunga mpango m'khosi, kaya kutenthe bwanji. Tsiku lina adokotala wachinyamata anawayang'ana n'kunena kuti, "Amayi, tachotsani kaye mpangowu ndione khosi." Iwo anakana. "Iyayi mwanangu, chandibweretsa ndi chifuwa. Khosili ndakhala nalo kalekale, silipweteka." Mnyamatayo sanakangane nawo. Anatunga madzi m'kapu, nawapempha kuti amwe pang'ono, agwire mkamwa, kenako ameze. Pomeza, chotupa chija chinakwera n'kutsika pamodzi ndi kholingo. Anawapempha akweze manja onse awiri m'mwamba, ndipo posakhalitsa nkhope inadzaza magazi, mitsempha ya m'khosi n'kutupa, iwo n'kuyamba kubanika. Chithokomiro chinali chitakula n'kutsikira kuseri kwa fupa la pachifuwa, chikupana njira ya mpweya.

Chizindikiro chokweza manjachi anachifotokoza dokotala wa ku England, Hugh Pemberton, mu 1946, ndipo sichifuna makina aliwonse. Inhela imatsegula timipita tating'ono ta m'mapapo, koma vuto la azakhali linali pamwamba, ngati munthu waponda paipi ya madzi. Ungatsegule mpopi mpaka kumapeto, madzi sabwera phazi lisanachoke. Pali kusiyana kumene aliyense angakumve ndi khutu: mluzu wa mphumu umamveka kwambiri potulutsa mpweya, ndipo umachokera m'chifuwa, pamene phokoso la khosi lopanika limamveka pokoka mpweya, ndipo limachokera pakhosi pomwepo. Wotero amafunika sikani ya khosi ndi X-ray, ndipo ena amafunika opaleshoni, imene imachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Chimandiwawa n'chakuti zaka zonsezo zinatayika chifukwa cha manyazi, ndipo manyaziwo sanawapange okha. Anawaphunzira kwa ife, oseka ndi olozerana zala, ndi ena onong'ona kuti anamulodza. Chithokomiro chimatupa kawirikawiri chifukwa chosowa ayodini m'chakudya. Munthu wamkulu amafunika mamaikirogalamu 150 patsiku, mayi woyembekezera 250, ndipo njira yapafupi ndi mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, wosungidwa m'chotsekera, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimakulitsa vutoli kwa amene ayodini akuwachepera kale, ndiye ophika kondowole asafupikitse masiku oviika. Kwa ena chitetezo cha m'thupi ndicho chimaukira chithokomiro, monga pa nthenda imene Hakaru Hashimoto wa ku Japan anaifotokoza mu 1912, ndi ina imene inatenga dzina la Robert Graves wa ku Ireland. Palibe cha ufiti pamenepa, ndipo palibe chochititsa manyazi.

6. Thupi ndi limodzi, nkhani yake inenedwe yonse.

Vuto la chithokomiro silioneka pakhosi nthawi zonse. Chikamagwira ntchito mopitirira, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta silitha, munthu amadya kwambiri koma akuwonda, tulo kulibe. Chikafooka, munthu amatopa, amamva kuzizira anzake akumva kutentha, amanenepa, amadzimbidwa, khungu limauma, mawu amasasa. Kuyeza magazi kotchedwa TSH ndi kumene kumayamba kusiyanitsa ziwirizi.

Taonani tsono mmene zinthu zimapiringizana. Munthu wowonda, wa thukuta ndi chifuwa, aliyense aganiza za TB, pamene mwina ndi chithokomiro chothamanga pamodzi ndi mphumu. Salbutamol, inhela ya buluu yotsegula chifuwa, imanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima, ndiye wa chithokomiro chothamanga akhoza kumanamizira inhela miyezi yambiri. Chithokomiro chothamangacho chimathanso kukulitsa mphumu. Choopsa kwambiri ndi ichi: propranolol, amene amaperekedwa kuti akhazike mtima wa munthu wa chithokomiro chothamanga, amafinya timipita ta mpweya, ndipo kwa munthu wa mphumu akhoza kumubanikitsa mpaka kufa. Adokotala sangalote kuti muli ndi mphumu ngati simunanene. Aspirin, Brufen ndi diclofenac nawonso amaputa mphumu mwa anthu ena.

Womwa carbimazole, mankhwala a chithokomiro chothamanga, akamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi asati ndi chimfine. Mankhwalawa, mwa apo ndi apo, amagwetsa maselo oyera a m'magazi, ndipo wodwalayo ayenera kuwasiya n'kukayezetsa magazi tsiku lomwelo. Womwa levothyroxine, mankhwala a chithokomiro chofooka, amwe m'mawa asanadye, padutse mphindi 30 mpaka 60 asanalawe phala kapena tiyi. Mapilitsi owonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo, a kashiamu, ndi mankhwala a chilungulira otafuna kapena amadzi oyera aja, amatsekereza levothyroxine m'matumbo, ndiye pazidutsa maola anayi. Rifampicin wa TB amachititsa kuti thupi limalize msanga levothyroxine, moti mlingo ungafunike kukwezedwa. Mayi akaima, mlingo umasinthanso.

Sindikunena kuti muloweze zonsezi. Chofunika n'chakuti popita kuchipatala muzinyamula mankhwala onse m'jumbo, a kuchipatala, ogula, ndi azitsamba omwe, n'kuwakhuthula patebulo. Ndipo buku la kuchipatala likhale limodzi. Chizolowezi chogula buku latsopano pachipatala chilichonse, kapena kubisa lakale kuti adokotala asadziwe kuti munapita kwina, chimang'amba nkhani ya thupi lanu pakati.

7. Musabwereke mankhwala, musabwereketse.

Mnzanu wa kutchalitchi akati, "Inenso mtima unkathamanga chonchi, imwani awa," akuchita mwachikondi. Mukaneni mwachikondinso. Piritsi limene linakhazika mtima wake likhoza kutseka chifuwa chanu.

8. Inhela si ya munthu wotsala pang'ono kufa.

Mantha awa ndi ofala: akuti ukayamba kupopera sudzasiya, akuti imafoola mtima, akuti ndi ya odwala mwakayakaya. Ndiye anthu amasankha mapilitsi a salbutamol kapena a prednisolone, amene amayenda thupi lonse, n'kukana mankhwala amene amapita m'mapapo mwachindunji pa mlingo wochepa kwambiri. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu padziko lapansi ndipo 455,000 anafa nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka kumene matendawa sapezeka msanga ndipo mankhwala oyenera safika.

Inhela zofala kuno ndi ziwiri. Ya buluu imatsegula chifuwa pa mphindi zochepa koma sichiza kutupa. Ya bulauni, beclomethasone, siimveka kanthu tsiku loyamba, koma ndiyo imazimitsa kutupa ikamapoperedwa tsiku lililonse, ngakhale munthu akumva bwino. Anthu amakonda ya buluu chifukwa thandizo lake amaliona pompo, n'kutaya ya bulauni m'kabati. Kuyambira 2019, gulu la akatswiri a mphumu la GINA linasiya kulangiza kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira ya buluu yokha. Ngati mukuifuna kupitirira kawiri pa sabata, kapena chifuwa chikukudzutsani usiku, mphumu yanu sinagwidwe bwino.

Kapoperedwe nakonso n'kofunika. Ambiri mankhwala amangothera palilime. Madokotala a pachipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, motsogozedwa ndi Heather Zar, anasonyeza mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500 limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula chothandizira kupopera. Mumaboola kunsi kwa botolo bowo lokwana kukamwa kwa inhela, mulowetse mothina, mukhutchumule, muike kukamwa kwa botolo pamilomo, mupopere kamodzi, kenako mupume mpweya wa m'botolomo kanayi kapena kasanu modekha. Botolo likhale lotsukidwa ndi sopo n'kuuma lokha. Mukatha kupopera ya bulauni chukuchani mkamwa n'kulavula, apo ayi mawu amasasa ndipo mkamwa mumatuluka zoyera. Wa chithokomiro asamale apa, chifukwa mawu osasa akhoza kuchokera ku inhela kapena ku khosi, ndipo wosiyanitsa ndi adokotala.

9. Wodwala ndi mmodzi, koma mpweya ndi wa nyumba yonse.

M'nyumba zambiri wotsokomola ndi yemweyo amene amasesa, kupeta, kukoleza moto ndi kukutumula zofunda. Timamugulira mankhwala madzulo, m'mawa n'kumupatsa tsache. Bambo amene amasutira fodya pakhonde pafupi ndi zenera la kuchipinda, mwana wamkulu amene angathe kusesa koma sasesa, onsewa ali ndi gawo m'chifuwa chimenecho. Kuwaza madzi musanasese, kuyanika matilesi ndi mabulangete padzuwa, kugona m'neti m'malo moyatsa koilo, kuphikira pamalo popita mphepo ndi nkhuni zouma, kutulutsa mphaka kuchipinda, kukonza denga lodontha, zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna kuti wina avomere kusintha chizolowezi chake chifukwa cha mnzake. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji.

10. Chifuwa chosapezeka chifukwa chake si chabodza.

Alipo anthu amene ayezedwa zonse, TB palibe, mphumu yagwidwa, chithokomiro chakhazikika, koma akutsokomolabe. Ambiri mwa iwo ndi amayi a zaka zapakati. Mitsempha ya pammero pawo imakhala yachangu mopitirira, moti kuyankhula pafoni, kamphepo kapena fungo la sopo zimautsa chifuwa. Ofufuza a ku Leicester ku England anaona kuti mwa anthu otere matenda a chitetezo choukira thupi, makamaka a chithokomiro, amapezeka kawirikawiri kuposa mwa ena. Chifuwa chotere chimatopetsa. Chimalanda tulo, chimapweteketsa nthiti, ndipo amayi ena mkodzo umawapulumuka potsokomola, n'kusiya kupita kumaliro ndi kukwaya osauza munthu chifukwa chake. Kuwauza kuti zili m'mutu mwawo, kapena kuwasuntha pabenchi m'tchalitchi, ndi nkhanza. Thandizo lilipo: kuphunzira kuletsa chifuwa pomeza timadzi pang'onopang'ono ndi kupumira m'mphuno, komanso mankhwala ena okhazika mitsempha amene adokotala angayese.

Kwa anzathu ogwira ntchito m'zipatala, mzere ndi wautali ndipo nthawi ndi yochepa, tikudziwa. Komabe kufunsa mankhwala amene munthu akumwa, kufunsa ngati chifuwa chimakula usiku, ndi kugwira khosi wodwala akumeza, zonse pamodzi sizitha mphindi ziwiri. Ndipo mlingo wa mankhwala a levothyroxine ukasinthidwa, TSH iyezedwenso pakatha masabata 6 mpaka 8. Tsiku limenelo lilembedwe m'buku wodwala asanatuluke, pamodzi ndi tsiku lodzaonanso ngati inhela ya bulauni yagwira ntchito.